Likhweru la Alamu Anga

Ndinadzuka kusanache pampando wa m'khichini kwa achemwali anga ku Ilford, mu London, khosi litauma. Amayi a mumpingo anali ataimba pasiwa mpaka mawu kusasa. Kuseri kwa nyumba moto wa gasi unali utayaka kale pansi pa tenti. Anamwino akwathu ankadula nkhuku, amayi a ku India ankathira bwemba mumpunga, aliyense akusuzumira mphika wa mnzake mokayika.

Omwalirawo anali alamu anga, Mtelugu wa ku Hyderabad, Mkhristu, amene anakumana ndi achemwali kuchipatala komwe onse ankagwira ntchito. Mafilimu akwawo anawalowa m'magazi. Loweruka ankandikhazika pansi kuti ndionere: akale akuda ndi oyera, momwe milungu imakangana moimba ndakatulo, ndi atsopano, momwe mwamuna mmodzi amamenya mudzi wonse malaya osakwinyika. Ankati poyamba ankawajambula ku Madras asanasamukire kwawo. Ine ndinkangodikira chakudya.

M'mawa umenewo m'pamene ndinamva kuti kwawoko ngwazi ya filimu ikangotulukira, anthu amaimba likhweru n'kumwaza timapepala m'mwamba. Alamu anali atapempha asanamwalire kuti podzawatsitsa m'manda zidzatero, ndipo achemwali analonjeza. Vuto linali mkulu wa mpingo, bambo wa ku Harare wa makolo a ku Dedza, wosafuna zachibwana pamaliro.

Achemwali anatuma ine, poti ndimagulitsa masutikesi pamsika wa Romford ndipo pakamwa ndiye khasu langa. Ndinayambira pamwamba monga ndimachitira potchula mtengo: ng'oma, gule, likhweru ndi mapepala. Bambowo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mapepala okha. Likhweru ayi. Ndipo musandiyese kasitomala wanu."

Ndinavomera msanga, ndikudzitama mumtima kuti ndapata.

Anthu anadzaza nyumba mpaka pamasitepe, ena ali m'mayunifolomu ochokera nawo kuntchito ya usiku. Tinanyamuka mvula ikuwaza, magalimoto ali pamzere, mabasi akutidula pakati. Kumanda, bokosi likutsika, anzawo a alamu anatsegula majumbo a nyuzipepala zong'ambang'amba n'kumwaza. Timapepalato tinanyowa ndi mvula n'kumatirira pamaambulera ndi pamagalasi a mkulu uja. Mdala wina wa Chitelugu anakweza zala kukamwa, nandiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Anatsitsa. Popanda likhweru zinangooneka ngati tikutaya zinyalala. Achemwali anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinadziwa kuti ndagulitsa katundu weniweni n'kutsala ndi katoni.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munali zii. Achemwali anaika kaseti ya filimu yakale ija ya milungu. Ngwazi itatulukira pakavalo, anaika zala ziwiri m'kamwa n'kuimba likhweru lalitali, lakuthwa, mpaka galu wa aneba anauwa. Sindinkadziwa kuti amatha.

Kenako anandiponyera nyuzipepala pamiyendo.

"Ng'amba, iwe wa masutikesi. Ndikuibweza pomwe akutulukira paja."