Mabatire Anga Anayi Amene Ana a Mwera Anadya

Amene analipo Loweruka lija pa bwalo la sikola ku Metangula ndiwatchula, pasapezeke wonena kuti nkhalamba ikupeka. Ndinalipo ine, Bernado Mpalila wa ku Lunho, amene nkhondo inandichotsa kwathu n'kudzandikhazika kumapeto kwa bairo kuno, dera lathu lino la m'tauni. Analipo mkazi wanga, amake Alufeyo. Analipo a Saide atelala, ndi mwendo wawo wodwala uja. Pachipata panali porofesoro Armando, atanyamula dengu. Kutsogolo kunali oimba anayi a ku Lichinga otchedwa Ana a Mwera, ndi mtsogoleri wawo Zeka. Amilisiya analipo awiri. Mwana wanga Alufeyo anafika kumapeto, akuchokera kunyanja. Khamu lonselo mulidziwa, chifukwa ndinu nomwe.

A sekeretaryo a bairo, kalatayi ndalemba ndi dzanja langa. Kusikola ndinakhalako mvula ziwiri zokha, koma kuba ndimakuzindikira popanda buku. Muiwerenge mokweza pamsonkhano. Osadumpha mawu.

Anyamata amenewa anandidyera mabatire anayi atsopano. Atsopano! Osalumidwapo, osaikidwapo padzuwa, pepala lake likunyezimira.

Mabatire amenewo sanali a masewera. Mwana wanga wamkazi Lusiya anawolokera kutsidya pa Cobue miyezi isanu yapitayo, ali ndi pathupi, mwamuna wake atatengedwa ndi ankhondo a m'tchire. Pokwera bwato anati, "Bambo, kalata siingafike. Muzimvera wailesi ya kutsidya Lamulungu katoze ora, thu koloko masana, powerenga mauthenga. Ndikachira ndidzatumiza mawu." Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndimakhala pakhonde, wailesi pamiyendo, mayi ake pambali. Mauthenga akatha ndimachotsa mabatire n'kuwamanga m'kansalu. Alufeyo anawapeza kwa anthu a mabwato ochokera ku Likoma, atapereka usipa wouma wa sabata yathunthu. Mwezi wa Lusiya ndi uno. Onse m'bairo akudziwa.

Tsono mufunsa kuti nanga iwe unawaperekeranji? Funsani. Ndiyankha.

Ana a Mwera ndinkawakonda. Sindibisa. Tepi yawo inafika kwa ine chaka chatha, yopanda chithunzi, dzina lolembedwa ndi bolopeni. Akuti anaijambula okha m'chipinda cha mnzawo, popanda bwana, popanda thandizo la wina aliyense. Nyimbo zisanu ndi imodzi. Ndinkaimvera ndi mabatire akale otha aja, chifukwa atsopano ndi a Lusiya. Abale, inali nyimbo. Yodekha. Yolemera. Woimba wake mawu akuya ngati mwamuna amene waika maliro ambiri. Ija yakuti "Bwato la Amalume" ikayamba, amake Alufeyo ankasiya kusinja. A Saide ankaimitsa makina. Ine ndinauza anthu kuti chiyambire ufulu sikunatuluke oimba otere.

Ndipo ine sindine munthu wongoyamikira zilizonse. Ndinatsogolera boma la mganda ku Lunho zaka khumi ndi ziwiri. Tinkavina titavala zoyera, a ku Meluluca n'kubwerera kwawo mitu ili pansi. Ku migodi ya ku Joni ndinaona magitala ndi maso angawa, Zeka asanabadwe. Ndikati nyimbo ndi yabwino, ndiye kuti ndi yabwino.

Lachisanu porofesoro Armando anazungulira bairo kulengeza kuti Ana a Mwera afika ndi kolona, mdipiti wa magalimoto a asilikali, aimba mawa dezi ora, teni koloko m'mawa. Polowa si ndalama, ndalama agula nazo chiyani? Polowa ndi mabatire awiri munthu mmodzi, obwereka. Ndinamuitana pakhomo panga. Ndinati, "A porofesoro, obwereka kapena opereka?" Iye anati obwereka, madala, ola limodzi lokha, makina awo sadya moto wambiri, aliyense alembe chizindikiro pa ake. Ndinamuuza za Lusiya. Anagwira pachifuwa. Anati Lamulungu wailesi yanu ilankhula ngati kale, ndalumbira.

Munthu wophunzitsa ana athu. Wovala nsapato. Akalumbira iyeyo, ine ndikhulupirire ndani wina?

Ndinatenga msomali n'kulemba B pansi pa lililonse. Chilembo chimenecho ndimachilemba bwino kuposa porofesoro.

Tinafika novi ora, kutatsala ola lathunthu. Bisha, mzere wa anthu olowa, inali itafika kale pamtengo wa mango. A Saide anaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Pachipata anthu ankaponya m'dengu zinthu zochititsa manyazi: mabatire olumidwa, otupa, ena otuluka madzi oyera. Porofesoro osayang'ana n'komwe. Ataona anga maso anatuluka. Anawatenga m'manja mwanga, osawaika m'dengu, n'kuthamanga nawo kwa Zeka. Ndinaona ndi maso. Ndikanadziwa, ndikanabwerera pomwepo.

Makina awo ndikuuzeni. Bokosi lokuza mawu limodzi, lomangidwa ndi mphira wa njinga. Pambali nsungwi zitatu zazitali zobooledwa, m'kati andandalika mabatire mutu ndi thako, mawaya kumapeto. Anga anayi analowa m'nsungwi yoyamba, kutsogolo. Ndiwo ankakoka anzawo otopa aja ngati ng'ombe imodzi pa ngolo ya mudzi wonse.

Dezi ora inakwana. Anayatsa makina. Kuimba? Ayi. Akuti tikudikira ashefe, akuluakulu a ku boma. Chabwino, dikirani, koma zimitsani. Osazimitsa. Wa gitala akungoti twing'i, twing'i, kupotoza timakutu ta gitala. Zeka akufuula m'chitsulo cholankhulira, "Um, doisi, um, doisi." Onzi ora. Um, doisi. Mediya-diya, dzuwa pamutu. Um, doisi. Kodi ku Lichinga amawerenga mpaka pawiri basi? Atatopa kuwerenga analumikiza wailesi yawo kubokosi, kuti asungwana amve nyimbo za kwina. Ndi moto wa yani?

Ndinadzuka. Ndinapita kwa porofesoro. Ndinati ola limodzi lija latha kawiri. Iye anati pasiyensiya, pirirani madala, khalani pansi, mukutchinga anthu. Ndinati nditchinga mpaka muzimitse. Milisiya mmodzi anabwera n'kundigwira paphewa, mwana woti ndinavina pa ukwati wa mayi ake. Anati agogo, musatipatse ntchito. Ndinakhala pansi chifukwa cha mfuti, osati chifukwa cha iyeyo.

Ashefe anafika treze ora, wani koloko masana. Analankhula Chipwitikizi theka la ola, m'chitsulo chomwecho. Tinawomba m'manja pamene ena ankawomba. Atatha anakwera galimoto n'kumapita. Nyimbo sanamve ngakhale imodzi. Ndiye tinkadikira chiyani?

Tsono anayamba. Mayo ine.

Ndinatembenukira kwa amake Alufeyo. Ndinati kodi awa ndi omwe aja? Nyimbo zikuthamanga ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Wa ng'oma akumenya zitini ngati akuthamangitsa anyani m'munda wa chinangwa. Wa gitala wagwada, wagona chagada, akukanda zingwe ndi mano. Mano! Ife timaluma mabatire chifukwa cha umphawi, iye akuluma gitala chifukwa cha chiyani? Ndipo Zeka. Mawu akuya aja ali kuti? Kamawu kang'ono, kopyapyala, ngati mwanapiye wagwera m'chitsime. Tsitsi ngati chisa cha atimba, buluku lothina loti munthu sangagwade nalo kutchalitchi.

Achinyamata ankalumpha, fumbi kobo. Mtsikana wina kumbuyo kwanga ankakuwa kuti awa ndiye oimba, pamaso amaposa patepi. Mnzake anati tepi ija n'njogonetsa tulo. A Saide anati, "Achimwene, mwina tinakalamba." Ndinati kalambani nokha.

Atamaliza yachitatu ndinaimirira. Mawu anga mumawadziwa, safuna nsungwi. Ndinati, "Iwe Zeka! Imba Bwato la Amalume!"

Iye anaseka. Anati, "Madala, ndi imene tangomalizayi."

Bwalo lonse linaseka. Ndinati bodza, Bwato la Amalume imayenda chonchi. Ndinaiimba. Ndime yonse yoyamba, modekha, mmene iyenera kukhalira. Amayi ena achikulire anayamba kuvomera. Zeka anamvetsera, kenako anawerama m'chitsulo kuti aliyense amve. Anati agogowa tepi yathu amaimvera ndi mabatire akufa, n'chifukwa chake ikukokeka ngati nyimbo ya maliro. Anati gulani mabatire, agogo, mudzatidziwe.

Gulani mabatire. Kunena ine. Mawu akewo akutuluka ndi moto wa mabatire anga!

Ndinamuyankha, ndipo yankho limenelo ndikulibwereza pano kuti lilembedwe. Ndinati ngati zili choncho, mabatire akufa amaimba bwino kuposa iwe wamoyo. Nyimbo yonena za amalume amene anamira ndi bwato, munthu n'kumaiimba akudumpha? Amalume akowo unkawada? Unalemba nyimbo yabwino mwangozi, mwana iwe, ndipo suidziwa. Apo anthu anasekanso, koma ulendo uno sankaseka ine.

Nyimbo yachisanu ili pakati, bokosi linayamba kulira ngati chule. Kenako zii. Moto watha. Kinzi ora, fili koloko, inali isanakwane. Zeka anakweza manja, anati pepani makamarada, ndi mmene zilili, tionana ku Cobue. Basi. Anayi onse anayamba kukulunga mawaya.

Tsono kubweza. Mukuganiza kuti anaitana mayina? Kuti anayang'ana zizindikiro zimene anatiuza tilembe? Porofesoro anatenga nsungwi zitatu zija n'kuzikhuthulira m'dengu, dengu n'kulikhuthulira pansi. Anati aliyense atole ake. Anthu mazana pa mulu umodzi. A Saide anawaponda mwendo wodwala womwewo. Amake Alufeyo anataya mpango. Ine ndi msinkhu wangawu ndinagwada m'fumbi, kukwawa pakati pa miyendo ya ana, kufunafuna chilembo changa.

Ndinapeza limodzi la B. Lotentha ngati mbatata yootcha. Ndinaliika palilime: palibe kanthu, madzi enieni. Atatu enawo sindinawaone. Ndinatola olumidwa atatu amene anthu anawasiya.

Ndinapita kwa porofesoro. Ndinati lumbiro lija lili kuti? Anati iye ndi wothandiza chabe, za makina funsani oimba. Ndinapita kwa Zeka. Anati iye ndi waluso, za dengu funsani porofesoro. Ndinabwerera kwa porofesoro. Anati, "Madala, ndi nkhondo. Tonse tikuvutika." Nkhondo! Nkhondo ndi imene inawerenga um, doisi maola atatu? Nkhondo inatentha nyumba yanga ku Lunho, imeneyo ndimaidziwa nkhope yake. Musaibwereke kuti ikubisireni ulesi.

Alufeyo anandipeza pamenepo, fumbi m'mawondo. Anayang'ana m'manja mwanga. Anatenga mayi ake n'kumapita.

Lamulungu m'mawa ndinawayanika padenga. Ndinawaluma onse mpaka dzino linagwedera. Awiri ndinawawiritsa. Katoze ora ndinawaika. Wailesi inatsokomola kamodzi, inati "ndipo uthenga wotsatira," n'kufa. Ndinathamangira kwa a Saide: awo analinso m'dengu lomwe lija. Khomo lotsatira chimodzimodzi. Bairo yonse inali chete tsiku limenelo, mawailesi onse anadyedwa Loweruka. Ndinafika mpaka pachipata cha asilikali a panyanja, kumene kuli magetsi. Mlonda anati popanda chikalata simulowa. Ndinaima kunja kwa waya mpaka nthawi ya mauthenga inatha.

Tsono ndikufunsa, ndipo ndikufuna mayankho pamsonkhano, osati kuseri.

Ndani analola kuti makina ayake maola atatu opanda nyimbo? Zizindikiro anatilembetseranji ngati ankadziwa kuti adzakhuthulira pansi ngati chakudya cha nkhuku? Mabatire anga atatu ali m'wailesi ya yani? Porofesoro Armando aimirire pamaso pa anthu anene kuti lumbiro lake ndi la ola limodzi ngati mabatire olumidwa. Ndikufuna anayi atsopano lisanafike Lamulungu likudzali. Osati olumidwa. Osati pepani.

Inu a ku Cobue ndi a ku Meluluca, akuti akubwera kwanuko. Bisani mabatire. Mukafuna kumva Ana a Mwera, pezani tepi, ikani mabatire otopa, mukhale pansi. Mudzamva oimba abwino amene kulibe. Amene adzatsike pagalimotowo ndi anyamata anayi ndi nsungwi zitatu zanjala.

Wina anena kuti nkhalamba ikuchulutsa, mabatire okha. Ameneyo amve izi.

Lolemba m'mawa ndinali pakhonde, ndikuyamba kalata ino. Alufeyo anabwera kuchokera kugombe, wopanda nsomba, nkhafi ili paphewa. Chiyambire Loweruka anali asanandilankhule. Anaima patsogolo panga, osakhala pansi. Anati:

"Bambo, pagombe ndakumana ndi msodzi wa ku Meluluca. Akuti dzulo pawailesi anatchula Bernado Mpalila wa ku Lunho, kawiri. Ndamufunsa kuti uthengawo unati chiyani. Akuti sanasamale, satidziwa, anangogwirapo mawu akuti mwana. Kaya wabadwa, kaya chachitika china, sakudziwa. Amayi sindinawauze, muwauze ndinu. Ine mawa ndikukwera bwato la ku Cobue, ndikawoloke ndikamuone ndekha mlongo wanga. Njira ndikuidziwa mmene ilili, musandiuze. Inu tsalani, muzilemba kalata yanuyo."