Thunthu la Nthochi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene madzi a Ruo analowa m'nyumba mwathu ku Makhanga mpaka m'mawindo. Cholinga chinali chimodzi: kuwamangira Baba nyumba kumtunda madzi ena asanabwere. Amayi anali atamwalira kale, manda awo ali kuseri kwa dimba lathu.

Baba anali mkulu wa mpingo. Tsiku lonyamuka anandigwaditsa pakhonde, chikwama chili kumsana. Anangoti, "Atate, mwana wanu ndi uyu. Kufuna kwanu kuchitidwe."

"Baba, osandipemphera ndi ntchito yomwe?" ndinafunsa.

"Zuze, uli khanda unkandiuza ndiwe choti udye?"

Ku Joni ndinkatsuka magalimoto. Tinkagona mothinana m'kachipinda kamalata, aliyense maso pa foni yake, popanda wofunsa mnzake kuti waswera bwanji. Lamlungu ndinkapemphera ndekha, ndipo pemphero langa linali la simenti, malata, ndi kuti apolisi asandigwire. Ndalama ndinkatumiza kwa mlongo wanga Malita, amene anakwatiwa ku Bangula. Iye ndiye anapeza malo, n'kumanditumizira zithunzi: maziko, zipupa, denga.

Nyumba itatha, Baba anakana kusamuka. Pa foni anati, "Nanga amayi ako uwanyamulanso?" Ndinawakumbutsa kuti ngakhale boma likuuza anthu kuti achoke kumeneko. Anati apemphere kaye. Ndikawaimbira, yankho linali lomwelo: "Sanandiyankhe."

Madzi anabweranso. Malita anandiimbira masana, siponji ili m'manja. Anati bwato lopulumutsa anthu linadzaza, Baba n'kunena kuti lidzawatenge ulendo wachiwiri. Litabwerera, nyumba panalibe. Anafufuza m'mabango mpaka ku Chiromo. Thupi silinapezeke.

Kwathu thupi likasowa timaika thunthu la nthochi, lokulungidwa m'nsalu ngati munthu. Nditafika ku Bangula ndinalipeza lagonekedwa pamphasa m'nyumba yatsopano ija. Penti inkanunkhabe. Kulowa kwa Baba m'nyumba yawo kunali komweko.

Akulu a mpingo anandiitanira pambali. "Mwini maliro ndinu. Tiwaike konkuno kapena kutsidya, ku Makhanga?"

Malita sanadikire kuti ndiyankhe. "Achimwene, kutsidya madzi adzawatenganso. Kuno bola tizidzawasesera."

Zimene ankanenazo zinali zoona. Komanso ndinali nditasupuka manja ndi sopo kuti Baba akhale pouma. Ndinagwada pambali pa thunthulo, ndipo sindinatchule simenti kapena chofuna changa chilichonse. Ndinafunsa basi. Mawu ochokera kumwamba sindinamve. Limene linabwera ndi funso la Baba la pa foni lija, lonena za Amayi.

Tinawoloka Shire pa bwato, thunthu lili pakati pathu, Malita akuyang'ana kumbali. Ku Makhanga tinapeza mchenga wokhawokha pamene panali mudzi. Manda a Amayi tinawadziwira nsonga ya mtanda wachitsulo imene inatulukira pamchengapo. Chapafupi, pamene madzi anasiya matope, anthu anali atayamba kale kubzala mbatata. Atationa anasiya makasu n'kubwera kudzatithandiza kukumba. Aliyense wa iwo anali ndi wake amene sanapezeke.

Titakwirira, mkulu wina anati nditsogolere pemphero la Ambuye. Ndinayamba bwinobwino. Nditafika pa "kufuna kwanu", mawu anakana kutuluka. Anthu a ku Makhanga anamaliza okha, osakweza mawu, osazengereza, kenako anatola makasu awo n'kubwerera kudimba.