Mwala wa Kutayala

Kuseri kwa khitchini yathu kunali mwala wosagwira ntchito. Unali waukulu ngati dzungu, wophwatalala pansi, wakuda mbali imodzi ndi mwaye. Sitinkaphikirapo, sitinkanolerapo mpeni, ndipo nkhuku ikakwerapo amayi ankaipirikitsa ndi ukali wosayenera nkhuku.

Unabwera pakhomo ndili mu Sitandade 3, nyengo yogula chimanga ndi mtedza. Malole ankaima pamphambano ya msewu wa ku Embangweni, pamalo otsetsereka pang'ono, n'kumapakira matumba. Amayi ankakazinga zitumbuwa pomwepo, ine ndikaweruka kusukulu ndinkawasonkhezera moto. Dizilo, nthochi zopsa, fumbi lofiira lolowa mpaka m'mano: fungo limenelo mpaka lero limanditsekera njala.

Mabuleki a malole a masiku amenewo anali ongopempherera. Dalaivala akaima, asanamwe ndi madzi omwe, ankatola mwala n'kutchinga tayala lakumbuyo. Mitengo anaidula pokuza msewu, ndiye dzuwa likaswa mtengo mthunzi unali umodzi basi, kunsi kwa lole. Akuluakulu ankagona m'menemo ngati pakhonde pawo. Lero ndikaona zimenezo ndimachita kukalipa, koma nthawi imeneyo palibe ankaona chachilendo.

Tsiku lina fuwa limodzi la amayi linaphulika ndi moto. Chiwaya chinapendekeka, mafuta n'kuyamba kutayikira m'phulusa. Amayi anaunguza uku ndi uku, n'kuona mwala wabwino uli phee kutayala la lole. Sunali wopanikizika, anangoukoka ndi dzanja limodzi. “Tangobwereka, mbwenu tibweza,” anatero. Kwathu mafuwa amabwerekana, sinali nkhani.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali atabweretsa mtedza pangolo m'mawa. Podikira sikelo anagona kuseri kwa matayala a lole yomweyo, mbali inayo, chipewa kumaso. Amayi sankadziwa.

Anthu opakira anapitiriza kuponya matumba, lililonse likagwa lole inkagwedezeka. Chomwe chimandiopsabe n'chakuti panalibe phokoso. Injini inali chete, hutala sinalire. Lole inangoyamba kubwerera chambuyo yokha, pang'onopang'ono, mopanda munthu m'kati. Kenako panamveka kuti thyo, ndi kukuwa komwe sindinakhulupirire kuti kukuchokera pakamwa pa amalume. Mayo ine!

Dalaivala, bambo wachichewa wa imvi, anatuluka mugolosale akuthamanga, n'kulumphira m'lole kukaiimitsa. Potsika anapeza anthu atamuzungulira kale.

“Ndinaika mwala ine! Anthuni, ndinaika mwala!”

Anthu anayang'ana kutayala, mwala panalibe. Anamumenya mpaka magazi m'kamwa, iye akungobwereza mawu omwewo. Apolisi atafika anamutenga. Masiku amenewo apolisi akati nkhani yatha, inkatha, ndipo wodziwa kanthu ankameza. Sitinamuonenso pamsewu uja. Zitumbuwa za amayi zinapserera mpaka makala, chiwaya chili pamwala womwewo.

Kuchipatala cha ku Embangweni amalume anawadula mwendo pamwamba pa bondo. Lolemba lake aphunzitsi anatiimika pamzere n'kutiloweza kuti tisanawoloke msewu tiziyang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso. Tinaloweza bwino chomene. Koma abale, ndani ankawoloka msewu? Munthu anali m'tulo, galimoto itazima.

Amayi sanabwererenso kukagulitsa. Chiwaya anapatsa anthu, koma mwala anausenza pamutu mpaka kunyumba, atakulunga m'chitenje usanazizire n'komwe. Amalume atatuluka m'chipatala anabwera kudzakhala kwathu. Nkhuku ikaphedwa, chiwindi ndi ntchafu zinali zawo. Madzi osamba ofunda anali awo. Amalume akati “Yewo, mlongo wanga, ukundivutikira,” amayi ankangoyang'ana pansi. Ine nsanje inandigwira kwabasi. Ndinkati amayi amakonda mlongo wawo kuposa ife ana awo obala okha.

Masana ena amalume anatuluka ndi ndodo zawo kudzaothera dzuwa, mpando uli kutali. Pofuna kuyamikiridwa, ndinagubuduza mwala uja kuchokera kuseri kwa khitchini n'kuwaikira kuti akhalepo.

“Chotsa! Chotsa msanga!” amayi anakuwa, lichero n'kugwa, mtedza kumwazika bwalo lonse.

Amalume anaseka. “Iwe, mwala walakwa chiyani?” Anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kukhalapo bwinobwino, kachidutswa ka mwendo kataloza kutsogolo.

Amayi analowa m'nyumba. Ndinawamva akulira, chitenje ataluma kuti mawu asatuluke. Zonse ndinaziona ndi maso angawa tsiku lija, dzanja lawo likukoka mwala, dalaivala akulumbira magazi ali m'kamwa, koma mutu wanga unali usanazilumikize. Ndinangoima pakhomo, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angalirire bwanji mwala wa zitumbuwa.