Abambo Ananenepa pa Sikirini

Lachisanu, mwezi wa Juni.

Ndadzuka ndi mitima iwiri. Wina umafuna laputopu ikonzeke lero, wina umaopa zimene amayi aone ikakonzeka.

Laputopuyi anandibweretsera amjomba, mlongo wa amayi, amene amanyamula katundu pa njinga yamoto ku Chiponde. Anaigula kwa munthu wa kutsidya kwa malire, ndiye zonse zinali m'Chipwitikizi. Popeza ndili fomu folo ndipo ndikulemba mayeso a kompyuta, tinapita nayo kwa wokonza m'tauni. Iye anafufuta zakale zonse n'kuikamo pulogalamu yatsopano yoyendetsa makina, ya Chingerezi. Chingerezicho chinabweradi, koma china chilichonse chinatambasuka m'mbali. Zilembo zinakula ngati za pachikwangwani, chozungulira chilichonse chinkaoneka ngati dzira logona, ndipo ndikatsegula tsamba, mabatani a m'munsi ankathawira kunja kwa sikirini. Nthawi zina sikiriniyo inkaphethira, n'kuda, n'kubwereranso. Wokonzayo anati ndi ukalamba wa makina, ndizolowera.

Ine sindinazolowere. Anazolowera ndi amayi.

Ndinali nditasamutsiramo zithunzi za malemu abambo kuchokera mufoni yawo, foniyo isanafe. Abambo anali ochepa thupi moyo wawo wonse, a mapewa olimba a munthu wopalasa bwato koma opanda mimba. Pa sikirini yanga anatuluka ndi masaya, khosi lodzaza, mkanjo wawo woyera utawakwana ngati mwini sitolo. Amayi ataona anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kuyambira tsiku limenelo, akabwera koyanika usipa amasamba m'manja n'kundiuza kuti ndiwatsegulire abambo.

Lamlungu tili ndi sadaka yokumbukira abambo, ndipo abale awo akubwera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Pamaliro paja azakhali ananena, mokweza ndithu, kuti mlongo wawo sankadya bwino pakhomo pano. Mawuwo sanawachoke amayi mpaka lero. Ndinawamva akuuza amjomba kuti Lamlungu laputopu ikhale pamkeka, aliyense aone.

Lero ndinapita nayo kusukulu. Aphunzitsi a kompyuta ataiyang'ana anati makinawo ndi abwinobwino. Chikusowa ndi kapulogalamu kotchedwa dalaivala, kamene kamauza kompyuta kukula kwenikweni kwa sikirini yake ndi mmene ijambulire. Popanda iko, kompyuta imangotenga chithunzi chaching'ono n'kuchikoka kuti chidzaze galasi lonse. Anati ndichite ndekha, iwo azingoyang'ana.

Ndinafufuza dzina la kachipangizo ka m'kati mwa makina kamene kamaonetsa zithunzi pa sikirini, ndinakopera dalaivala pa intaneti, ndinaika, n'kuzimitsa ndi kuyatsanso. Sikirini inada bii, kamuvi kokha kakuyendayenda mumdimamo. Ndinaganiza za zithunzi za abambo, chifukwa kulibenso kwina kumene zili. Aphunzitsi anati ndisanjenjemere, zithunzi zilipo, kompyuta ikungolephera kuzionetsa. Ndinali nditatenga dalaivala wa kachipangizo kena kofanana dzina. Anandisonyeza kuyatsa makina m'njira imene amadzuka ndi zofunikira zokha. Ndinachotsa wolakwikayo, ndinawerenganso manambala modekha, chala chili pa sikirini, n'kuika wina.

Itayakanso, ndinaona ngati wina wapukuta zenera. Zilembo zinachepa n'kuwongoka, mabatani anabwerera m'malo mwake, kuphethira kunatha. Ndinakondwa kwambiri, chifukwa tsopano nditha kuyeserera za mayeso kunyumba osasakasaka batani lothawa. Koma zithunzi sindinatsegule. Ndinatseka laputopu n'kuiika m'chikwama.

Kunyumba amayi anasamba m'manja monga mwa masiku onse. Ndinawauza kaye kuti makina akonzeka ndipo zinthu zizioneka mmene zilili. Anangoti tsegula. Abambo anatuluka ataima pafupi ndi bwato, aatali, owonda, mkanjo ukulendewera m'mapewa, akuseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Amayi anasendera pafupi ndi sikirini. Kenako anagunda galasi ndi chala.

"Awa ndiwo anandikwatira," anatero. "Onenepa aja ndinangobwereka."

Tinaseka tonse, koma kuseka kwawo kunatha msanga. Anandifunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana:

"Mwanangu, sungawanenepetsenso Lamlungu lokha? Azakhali ako aone."

Ndingathe. Ndi kungosankha muyeso wolakwika wa sikirini, ntchito ya kamphindi, ndipo Lolemba ndikhoza kubweza. Ndinayankha kuti ndiona.

Ndakhala ndikuganiza chiyambire masanawo. Azakhali anakula ndi abambo, amadziwa kuti mlongo wawo sananenepepo. Akaona masaya amenewo mwina aseka, ndipo chithunzi chotsatira chili ndi amayi ndi ine, ndi mbuzi ya aneba, tonse otambasuka mofanana. Pamenepo amayi achita manyazi oposa a pamaliro. Komanso ndaona lero kuti ndinali nditayamba kuiwala nkhope yeniyeni ya abambo. Ndikatseka maso ankabwera onenepa aja, munthu amene sanandinyamulepo.

Ndikukumbukira kuti pali chithunzi china cha tsiku la Idi, chimene ndinajambula ndekha. Abambo ali pamkeka, dzanja lili m'mbale ya mpunga, pakamwa podzaza, akukaniza amayi kuti asawonjezere, amayi akuwonjezerabe. Ndi owonda momwemo, koma aliyense woona angadziwe mmene ankadyera pakhomo pano.

Mawa ndikamaliza kutunga madzi ndichifufuza, ndichiike poyamba pa zonse, ndiwasonyeze amayi alendo asanabwere. Ndiwapempha kuti Lamlungu tionetse chimenecho, abambo ali mmene analili. Akachiona n'kunenabe kuti akufuna onenepa, ndiwanenepetsa, chifukwa amene ananyozedwa pamaliro ndi iwo, osati ine.