Ndinadula Waya wa Foni, Ntchito N'kundithera

Ntchito inandithera pa fakitale ina ya thonje kuno ku Chipata, ndipo mpaka lero alipo amene amati ndinadziputira ndekha ndi mwano wanga. Inu owerenga, imvani mmene zinayendera, koma ndineneretu kuti sindinabwere kudzapepesa.

Munali m'zaka za m'ma 1990, fakitaleyo itangogulidwa ndi eni ake atsopano. Ine ndinali wa zamagetsi, mkazi ndekha pakati pa amuna. Eni akewo anabweretsa bokosi la kompyuta loyendetsa pulesi, chimakina chija chimene chimatsindira thonje kukhala mabelo. Fumbi ndi kutentha zikachuluka, bokosilo linkauma. Mabatani ankaleka kumva, pulesi n'kuima pomwe yafika. Mankhwala ake anali kulizimitsa n'kuliyatsanso. Poti ife sankatilola kulitsegula, analilumikiza ku waya wa foni kuti injiniya wa ku Lusaka azilidzutsa ali komweko. Foni ikalira kangapo m'bokosimo, pulesi inkapitiriza pomwe inalekezera, popanda chenjezo.

Zimenezi zinkandiopsa. Ndinawauza a Sakala, manijala wathu, kuti munthu wa ku Lusaka alibe maso kuno. Anandiyankha kuti ndizisamala mababu ndi mafyuzi, zinazo si zanga. Ndinabwerera ku mababu angawo osauzanso wina aliyense.

Tsiku lina masana, malole ndi ngolo za thonje zitandandana mpaka kunja kwa geti, bokosi linauma chitsulo cha pulesi chili m'mwamba. A Mwale, bambo wachikulire wa ku Chiparamba amene ankamanga mabelo, anaona mpata wochotsa thonje limene linatsekereza kunsi kwake. Analowamo mpaka m'chiuno. Sanadziwe kuti a Sakala athamangira kale ku ofesi kukaimba ku Lusaka. Nanenso ndinadziwa pokhapokha nditamva foni ikulira m'bokosi.

Ndinakuwa, koma phokoso la makina ena linameza mawu anga. Swichi yaikulu inali kumapeto kwa shedi, sindikanafikako. Ndinasolola pulayazi m'thumba la ovolosi n'kudula waya wa foni pomwe unkalowera m'bokosi. Kulira kunaleka. Ndinangokhala pansi pafumbi. A Mwale anatuluka akudzisasa thonje kumutu, n'kundifunsa kuti, "Mwadwala kodi, mayi?"

Poti ndinadula wayayo injiniya uja atayamba kale ntchito yake, bokosi linakaniratu kudzuka. Injiniyayo anachita kubwera pa basi kuchokera ku Lusaka patapita masiku angapo. Masiku onsewo fakitale inali zii, alimi akugona pageti ndi thonje lawo, ena akunditukwana.

A Sakala anandiitana. Anati ntchito sinditaya ngati ndipepesa pamaso pa antchito onse, n'kuvomera kuti anali mantha chabe achizimayi, palibe amene anali pangozi. Ndinawayang'ana m'maso n'kuwafunsa kuti, "Bwana, chitsulo chija chikanatsika, mukanaimba ku Lusaka kuti awadzutsenso a Mwale?" Tsiku lomwelo ndinabweza ovolosi.

Musaganize kuti zinali zophweka. Amuna anga anakhala nthawi osandiyankhula bwino. Alamu anga ankati mkazi wa pulayazi sangakhale pansi pa munthu. A Mwale anabwera kunyumba misozi ili m'maso, akufuna kukandichitira umboni, koma ndinawaletsa, chifukwa anali ndi ana pasukulu ndipo akanangowathamangitsa nawonso. Ndinayamba kukonza mawailesi ndi masimbi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, dzuwa ndi mvula zili zanga.

Waya uja ndingaudulenso lero. Chimene chimandiwawa n'choti a Sakala atandikalipira koyamba paja ndinatseka pakamwa. Ndikanayenda munthu ndi munthu kuwachenjeza anzanga za foni ija, a Mwale sakanalowa m'pulesi.

Inu amene mumagwira ntchito ndi makina odziyendetsa okha, makina akaima sikuti afa. Pali wina kwinakwake amene angawadzutse asakukuonani. Musanalowetsemo ngakhale chala, zimitsani swichi yaikulu, khomani loko, kiyi akhale m'thumba mwanu. Ndipo mukaona choopsa, nenani, nenaninso, ngakhale akutcheni amwano. Wamwano amabwerera kwa ana ake madzulo ndi manja ake onse awiri.