Jinzi ya Msuweni Wanga

Akazi atangololedwa kumene kuvala mathalauzi, ine n'kuti ndikugulitsa kaunjika pamsika wa Mitundu. Mayeso a Folomu 4 ndinalembera limodzi ndi msuweni wanga wa ku Nathenje, mwana wa amalume. Dzina lake analitchula pawailesi kuti wasankhidwa kupita kukoleji. Langa ndinalidikirira mpaka anaika nyimbo.

Chiyambire ubwana tinkaitanana kuti "akazi anga", "amuna anga", monga amachitira asuweni. Kungoti ine ndinali nditasiya kale kuwatenga mawuwo ngati nthabwala, ndipo ndinali ndisanamuuze.

Kutatsala masiku atatu kuti makalasi ayambe, anatulukira pabenchi langa, mapazi ali mbuu.

"Amuna anga, ndikufuna jinzi. Tsiku loyamba ndisakaoneke ngati ndabwera kudzagulitsa mandasi."

"Za akazi sizinabwere," ndinatero, ina yabuluu nditaikhalira.

"Nanga mwaifungatirayo mukudikira kuti iswe?"

Ine ndinagulitsapo nsapato ziwiri za phazi limodzi, wogulayo n'kundithokoza. Koma tsiku limenelo ndinanyoza katundu wanga yemwe. Ndinati zipi yake njakufa. Ndinati mwini wake anamwalira ndi mphere ku Ulaya. Ndinati amalume akaiona akomoka. Ndinamutulutsira siketi yofika m'zidendene, yoti mungalowe anthu awiri ndi mbuzi.

Iye anangoitsomphola jinziyo n'kukayesera kuseri kwa chiguduli. Anatuluka ataivala. Inamukhala ngati telala anachita kumuyeza. M'maso mwanga ndinaona anyamata a kukoleji, a Chingerezi chotulukira m'mphuno, akulimbirana kumunyamulira mabuku, ine ndili kuno kukuwa kuti bwerani mudzasankhe.

"Yakuthinani," ndinatero.

Anandiyang'ana, kuseka kutamuchoka. "Asuweni, nsanje imeneyi ndi ya koleji, kapena pali china?"



"Ya koleji," ndinayankha. Silinali bodza lonse.

"Oo. Ndimayesa munena chinacho."

Anapinda jinziyo, naiika m'jumbo, ulendo wa kusiteji. Za mtengo sitinakambe n'komwe.

Chinacho ndinachinena ndithu, momveka bwino, koma minibasi itanyamuka kale. Anachimva ndi mayi wogulitsa tomato pafupi nane.

"Achimwene," anatero mayiwo, "mukuuza ine? Ine ndili pabanja."