Dzino Langa Lakutsogolo

Dzino langa lakutsogolo linada pang'onopang'ono, mpaka anthu amene ndinkawasokera zovala pamsika wa Katete anazolowera kundiona ndikuseka nditagwira pakamwa. Silinkawawa. Linawawa sabata imodzi yokha, kale tikukhala ku Sinda, amuna anga atandigenda ndi kapu yachitsulo chifukwa ndinawayankha pamaso pa mng'ono wawo.

Chaka chimene mwana wathu womaliza anayamba sukulu, nkhama inatupa pamwamba pa dzinolo, mafinya n'kuyamba kutuluka. Kuchipatala chapafupi anati angathe kulizula, koma ngati ndikufuna likhale ndipite ku Chipata akachotse mtsempha wowola m'kati mwake. Ine ndinavomera zozula. Amene anakana ndi amuna anga. Anali atangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa mpingo, ndipo anati mkazi wawo sangamaime kutsogolo kwa amayi ali ndi gweru.

Sabata yathunthu ndinamwa makapisozi ophwetsa chotupacho, ndikuchukucha madzi amchere m'mawa ndi masana. Ndinafulumira kumaliza mayunifomu a ana a sukulu amene ndinalonjeza. Tsikulo litafika ndinadya phala lambiri monga anandiuzira, tinakwera minibasi, amuna anga atavala jekete.

Dokotala anali mayi wachitsikana. Anajambula dzinolo, n'kutionetsa chithunzi chake: kumapeto kwa muzu kunali kamdima ngati njere ya nyemba. Anati dzino lopanda bowo silifa lokha, n'kufunsa chimene chinaligunda.

"Anagwa pa njinga," anatero amuna anga. "Kale kwambiri."

Dokotalayo anawapempha kuti akadikire panja. Chitseko chitatsekedwa anakhala pakampando kake, n'kutsitsa kansalu ka pakamwa.

"Amayi, muli nokha tsopano. Inalidi njinga?"

Ndinati inali njinga. Ndinawonjeza kuti msewu wake unali wamchenga. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha mchenga umenewo, poti palibe anandifunsa za msewu.

Anandibaya jekiseni m'nkhama, mlomo n'kuuma ngati si wanga. Anaboola kuseri kwa dzino. Fungo limene linatuluka linandichititsa manyazi, koma iye anati limatero. Kenako ankalowetsa tizitsulo tating'ono tonga singano, kupala, kutsuka, kupalanso. Ululu panalibe, koma misozi inkatsikira m'makutu, iye n'kumaipukuta ndi thonje. Anaika mankhwala, n'kutseka mongoyembekezera, kuti ndibwerenso kawiri.

Jekiseni inathera panjira. Pa bampu iliyonse dzinolo linkagunda ngati mtima. Amuna anga ankafotokozera munthu amene anakhala naye pafupi mmene madokotala a masiku ano amapulumutsira mano.

Apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi kudzandithandiza. Ankandiphikira phala ndi maungu ofewa, kundichapira, kundiletsa kuwerama pa makina. Ndi iwo omwe anandipukuta magazi tsiku la kapu, n'kundiuza kuti za m'nyumba sizituluka. Tsopano, akundipatsa mbale, anati ndizithokoza mwana wawo, amuna ena akanangondizulitsa. Ndinathokoza.

Lamlungu lotsatira mlomo unali usanaphwe bwino. Amuna anga anaimirira m'tchalitchi kulangiza abambo za kusamala mabanja, chitsanzo chake n'kukhala ine. Anandiuza ndiimirire. Amayi anaimba m'manja, wina nthungululu. Potuluka ankabwera mmodzimmodzi kuti ndiyasamule aone, ine n'kumayasamula.

Ulendo wachiwiri amuna anga anandiperekezanso. Wachitatu anali ndi msonkhano wa akulu, ndinapita ndekha. Dokotala anadzaza muzuwo, n'kumata bwinobwino, n'kundichenjeza kuti ndisamalumire nzimbe kapena kudulira ulusi dzino limenelo, chifukwa tsopano n'losachedwa kusweka. Sanandifunsenso za njinga. Ndinali nditakonzeka kumuuza, ndinayeseza mawu ake njira yonse kuchokera ku Katete, koma panja panali mzere wautali ndipo namwino anali ataitana kale munthu wina.

Pa siteshoni ndinagula nthochi ziwiri, n'kukhala pa benchi. Kondakitala anandiitana kawiri kuti mpando ulipo. Minibasi ziwiri zinadzaza n'kunyamuka ndikuziona. Yachitatu ndinakwera, poti ana anali atatsala pang'ono kuweruka ndipo kiyi wa nyumba anali m'chikwama changa.